Babu loyamba lipite kukhitchini

Amayi anzanga, sola yalowa m'midzi yathu ya Mchinji. Pa Kamwendo, pa Boma, ngakhale tsidya lija ku Chipata, timapanelo ndi mababu a LED zili mbwee m'misika. Koma taonani kumene mababuwo amapachikidwa akafika pakhomo: limodzi pabalaza pamene bambo amamvera wailesi, lina kuchipinda, lachitatu pakhonde loopsezera akuba. Kukhitchini, kumene kuli moto, mpeni ndi madzi owira, mayi akuvundulabe nsima ataluma tochi. Ine ndikuti babu loyamba ndi la kukhitchini.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira zinthu za mabatire, ndipo a magetsi anali pafupifupi 11 okha pa 100 alionse. Ambirife nthambo za ESCOM sizitifika msanga, koma mdima wa kukhitchini ukutivulaza lero. Ife a kuchipatala timalandira mwana wokwawa amene phala lamukhuthukira, mayi woyembekezera amene wapunthwa pa mafuwa, ndi kamwana kamene kamwa palafini wa koloboyi kuyesa chakumwa poti anali m'botolo. Kuno ndi kwawo kwa mtedza. Mungasankhe bwanji njere zachuku mumdima musanasinje nsinjiro? Poizoni wa chukucho amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa.

Kukhala ndi babu n'kwina, kuliika pabwino n'kwinanso. Ambiri amalipachika pakati penipeni pa denga. Mayi akawerama kuti adule ndiwo, msana wake umatchinga kuwalako, manja ndi mpeni zili mumthunzi. Kuwala kuzichokera kutsogolo kwanu, pamwamba pang'ono pa malo ogwirira ntchito. Amene muli ndi alumali kapena kabati ya pakhoma, timababu tating'ono tandondoli, tija timabwera pa kalamba komata, timateni kunsi kwa thabwa, cha kumphepete yakutsogolo. Kuwala kumagwera pa mbale, osati m'maso. Musanakhome msomali, dikirani kude, mwana agwirire babu malo osiyanasiyana inu mutakhala mmene mumakhalira pophika. Pamene manja anu aoneka bwino, ndi pomwepo.

Lisalunjike pamoto. LED imadana ndi kutentha, ndipo mwaye ukamata limazilala. Lipukuteni ndi kansalu sabata iliyonse. Batire ikhale kozizira, kunja kwa khitchini. Waya adutse m'kapaipi, asakhudzane ndi udzu wa denga, chifukwa khoswe akamutafuna moto ukhoza kubuka. Switchi ikhale pakhomo polowera, kuti musamafufuze mumdima muli ndi mwana kumsana. Mababu a sola ambiri ndi a mavoti 12 kapena ocheperapo, pamene magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230: osawalumikiza mwachindunji. A pa Boma amene muli ndi magetsi, itanani katswiri wa chiphaso cha MERA, osati mnyamata wa pamsika amene amangoti "ndimatha".

Bambo ena adzati batire itha msanga, foni itchajidwa ndi chiyani? Babu la mawati atatu likayaka maola atatu madzulo ladya mphamvu yochepa kuposa yodzazira foni yamakono kamodzi. Pogawana ndalama za banki m'khonde chaka chino, musanayambe za zitenje ndi mapoto, funsani wogulitsa ngati waya wa babulo ndi wotalika kufika kukhitchini, poti makhitchini athu ambiri ali paokha kuseri kwa nyumba.