Mpiru Wowawasa ndi Kanyama Kochepa: Kaphikidwe ka ku China

Ndiwo ya mpiru tonse tiidziwa. Pa nyengo yake imachuluka m'madimba kufikira kuti yambiri imangofota pamsika, ndipo chimene amayi athu akhala akuchita kuyambira kale ndicho kufutsa masamba. Anthu a ku China nawonso amalima mpiru, wa mitundu yambiri kuposa yathu, koma iwo njira yawo yaikulu yousungira ndiyo mchere. Mwezi uno tikambe za ndiwo imodzi yophikidwa kawirikawiri m'nyumba zawo: nyama yokazinga pamodzi ndi mpiru wowawasa.

Kum'mwera kwa dzikolo mpiru wotere amautcha suan cai, kutanthauza masamba owawasa. Amathyola mpiru wokhwima, nauyanika padzuwa tsiku limodzi kapena awiri kuti ungofota. Kenaka amautikita ndi mchere, nautsendera mu mtsuko, ndi kusanjikapo mwala kuti masamba onse amire m'madzi ake. Tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tili kale pa masambawo, timadya shuga wa m'masamba ndi kutulutsa asidi, monga mmene mkaka umasandukira chambiko. Asidiyo pamodzi ndi mchere ndiwo amaletsa masamba kuwola, ndipo tsamba limene latumphukira pamwamba pa madzi limachita nkhungu. Mayi wodziwa satsegula mtsuko msanga, pakuti m'masiku oyamba masamba amakhala ndi mankhwala otchedwa nitrite ochuluka, omwe sali abwino m'thupi. Amadikira masabata atatu kapena mwezi.

Luso limeneli si ladzulo. Buku la zaulimi lotchedwa Qimin Yaoshu, limene Jia Sixie analemba cha m'ma 540, linafotokoza kale njira zosungira masamba mu mchere. Ku Fuling, dera la mzinda wa Chongqing, kuli mpiru wina umene tsinde lake limatupa ngati chibakera. Tsindelo amalithira mchere, kulipsinja ndi kulipaka tsabola, ndipo limatchedwa zha cai. Nalonso amalikazinga ndi nyama mofananamo.

Tsono pophika, ntchito yaikulu ili pa mpeni. Nyama, kawirikawiri ya nkhumba, amailenga timizere topyapyala totalika ngati chala. Chifukwa china nchakuti iwo amadya ndi timitengo tiwiri ndipo patebulo sipakhala mpeni. Koma taonani phindu lake: kanyama kamene kwathu kuno kangatuluke nthuli ziwiri zokha, zimene tonse tidziwa mbale imene zimagwera, kumeneko kamamwazika m'ndiwo yonse, mwana aliyense nalawako. Timizereto amatisakaniza ndi msuzi wa soya ndi kaufa kosalala ka sitachi, natisiya mphindi 15. Ufawo umakuta nyama kuti isaume pamoto.

Chiwaya chawo, chotchedwa wok, nchakuya ndi chozungulira kunsi. Amachitenthetsa kwambiri asanathire mafuta. Nyama ikalowa amaitakasa mosalekeza mphindi imodzi kapena ziwiri, ikangosintha mtundu naichotsa. M'mafuta omwewo amaponya adyo, jinja ndi tsabola, kenaka mpiru wotsukidwa, wofinyidwa ndi woduladula, naukazinga kufikira madzi ataphwa ndipo fungo latuluka. Pomaliza amabwezera nyama ija ndi kuwaza kashuga pang'ono kuti kuwawasa kusapose. Zonsezi sizipitirira mphindi 5 kapena 6 pamoto. Ife amene timawiritsa nyama mpaka mtolo wa nkhuni kutha tiyenera kuchita nazo chidwi, makamaka atsikana ndi anyamata amene ntchito yotola nkhuni ili pa iwo.

Ndiwo imeneyi njowawasa ndi yamchere, chotero amaitapa pang'onopang'ono, kudyera mpunga, phala la mpunga kapena manudozi. Ife tiganiza kuti ndi nsima yomwe ingayenderane bwino.

Komatu pa mchere pafunika kusamala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi, pamene ku China anthu ambiri amadya pafupifupi kawiri kuposa apo, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi ngofala. Amene mufuna kuyesa, nyikani mpiruwo m'madzi kanthawi, muufinye, mulawe, ndipo m'chiwaya musathirenso mchere wina. Ngati m'nyumba muli agogo odwala matendawa, awo muwaphikire mpiru wauwisi wa kudimba.