NJALA NDI MAGANIZO PA MPIKISANO WA M'PHIRI LA MULANJE

Pa mpikisano wa onyamula katundu m'phiri la Mulanje, othamanga amanyamuka pa Likhubula, nakwera ku Chambe, napyola ku Lichenya, natsikiranso pa Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20. Ambiri amakonzekeretsa miyendo, koma za m'mimba amaiŵala.

Ena amati kuthamanga osadya kumapeputsa thupi. Kumeneko ndi kudzinyenga. Shuga amene thupi limasunga m'chiŵindi ndi m'minofu amatha munthu akathamanga zolimba pafupifupi maola aŵiri, ndipo ubongo nawo umadalira shuga yemweyo. Akachepa, wothamanga amayamba kupsa mtima ndi kutaya chikhulupiriro, ena amalira kumene. M'maso mumachita chidima, ndipo pa thanthwe loterera phazi limaponda polakwika. Anzake amamuyesa wamantha, pamene chamugwira ndi njala chabe.

Tsono usiku wake adye nsima yokwanira ndi nyemba kapena usipa. M'maŵa amwe phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kukali maola aŵiri kapena atatu kuti anyamuke. Panjira nthochi yakupsa ndi mbatata yophika zimabwezera mphamvu msanga, ndipo madzi a Thanzi amabwezera mchere wotuluka ndi thukuta. Moŵa usamuyandikire.

Wothamanga amene akhala wofooka, wokhumudwa ndi wosagona bwino kwa milungu ingapo, makamaka mtsikana amene amataya magazi mwezi ndi mwezi, apite kuchipatala kuti akamuyeze magazi. Apabanja asamuseke kuti ndi ulesi, koma amuperekeze.