Ntchito zosamala mphamvu ku Massachusetts zisakhale maganyu

Chigawo cha Massachusetts, chomwe chili kumpoto chakum'mawa kwa dziko la United States, chimanyadira kuti anthu oposa 100,000 amagwira ntchito za mphamvu zosawononga chilengedwe, ndipo chiwerengerochi chimachokera m'malipoti apachaka a Massachusetts Clean Energy Center, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la m'chaka cha 2008. Chimene andale satchula kawirikawiri akamalengeza chiwerengerochi n'chakuti oposa theka la anthuwa sapanga magetsi ngakhale pang'ono. Ntchito yawo ndi yosamala mphamvu, kutanthauza kukonza nyumba, sukulu ndi mafakitale kuti zizifunda ndi kuwala monga kale, kapena kuposa apo, koma zikudya gasi, mafuta ndi magetsi ochepa. Anthu amenewa ndiwo akuchulukitsa chiwerengero chimene boma limadzitamandira nacho, komabe ambiri a iwo, makamaka omwe amagwira ntchito yamanja, akusungidwa ngati aganyu amene amaitanidwa ndalama zikapezeka n'kubwezedwa zikachepa. Zimenezi n'zosalungama, ndiponso zikugwetsa mapulani a boma lomwelo.

Ntchitoyi imapeputsidwa ndi anthu amene sanaionepo pafupi. Nyengo yozizira ya kumeneko imaumitsa madzi m'mapaipi, ndipo nyumba zambiri n'zakale, monga zija zamatabwa za nsanjika zitatu za ku Dorchester ndi ku Worcester, zomwe zinamangidwira antchito a m'mafakitale zaka zoposa 100 zapitazo. Woyeza nyumba amayamba ndi kumangirira fani yaikulu pachitseko chakunja, n'kuitsegula kuti ikokere mpweya panja, ndipo kuchuluka kwa mpweya wolowa m'ming'alu kumamuuza kukula kwa vutolo. Kenako mnzake amakwera kudenga, pakati pa siling'i ndi denga lenilenilo, atavala chotchinga mphuno ndi pakamwa, n'kumakwawa pamitanda mosamala kuti asaponde siling'i, uku akumata mpata uliwonse pomwe padutsa paipi kapena waya. Akatha kumata ndi pomwe amapopera zotchinga kutentha, zomwe nthawi zambiri zimakhala mapepala akale operapera osakaniza ndi mankhwala oletsa moto. Munthu ameneyu ayenera kuzindikira mawaya amakedzana omwe angayambitse moto akakwiriridwa, ayenera kudziwa timiyala ta vermiculite tomwe nthawi zina timakhala ndi asbestos wowononga mapapo, ndipo ayenera kuonetsetsa kuti nyumba yomatidwayo sisunga mpweya wakupha wochokera m'makina otenthetsera madzi. Amene angalakwitse pamenepa akhoza kupha banja lonse lili m'tulo. Umenewu ndi umisiri weniweni, ndipo uyenera kulipidwa ngati umisiri.

Gwero la vutoli lili m'mene ndalama zimayendera. Lamulo lotchedwa Green Communities Act, lomwe Bwanamkubwa Deval Patrick anasaina mu 2008, linalamula makampani ogulitsa magetsi ndi gasi kuti azilipira njira iliyonse yosamala mphamvu yomwe ndi yotchipa kuposa kugula mphamvu zatsopano. Ntchitoyi imachitika kudzera mu pulogalamu ya Mass Save, yomwe makampani monga Eversource ndi National Grid amayendetsa potsatira mapulani a zaka zitatuzitatu, ndipo ndalama zake zimachokera makamaka pa kagawo kowonjezedwa pa bilu ya kasitomala aliyense. Pulogalamuyi inagwira ntchito moti bungwe la American Council for an Energy-Efficient Economy linaika Massachusetts pamalo oyamba chaka ndi chaka kuyambira 2011 mpaka 2019. Koma amene amalowa m'nyumba za anthu si antchito a makampani akuluakuluwo ayi. Ndi antchito a makontilakitala ang'onoang'ono, omwe amalipidwa pamitengo yokhazikitsidwa ndi pulogalamu, kotero kuti kontilakitala wofuna phindu alibe kwina kolifinya koma pa liwiro la ntchito ndi pa malipiro a anthu ake. N'chifukwa chake woika zotchinga kutentha amalandira zochepa kuyerekeza ndi mmisiri wa zamagetsi kapena pulambala, ndipo akapeza mpata kwina amachoka ndi luso lake lonse.

Kuwonjezera pa malipirowo pali kusakhazikika. Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utafika, maulendo olowa m'nyumba za anthu anaimitsidwa ndipo antchito ambiri anakhala pakhomo, zomwe palibe angadzudzule poti unali mliri. Zimene zinachitika mu Febuluwale 2025 n'zina, pakuti zinali chosankha cha anthu: nthambi yoyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, Department of Public Utilities, inadula madola 500 miliyoni pa pulani ya 2025 mpaka 2027, yomwe inapemphedwa pa madola pafupifupi 5 biliyoni, anthu atadandaula kwambiri ndi kukwera kwa mabilu a gasi m'nyengo yozizira. M'chaka chomwecho boma lalikulu la ku Washington linakhazikitsa lamulo lothetsa kuchotsera msonkho komwe eninyumba ankalandira akakonza nyumba zawo motere. Izi zikuchitika pamene chigawochi chinalonjeza m'lamulo la 2021 kuti pofika 2050 chidzakhala chitafafaniza utsi wake wotenthetsa dziko, ndipo chinadziikira cholinga choti nyumba 500,000 zikhale ndi ma heat pump pofika 2030. Heat pump ndi makina amagetsi omwe amasonkhanitsa kutentha kwa mpweya wapanja, ngakhale kukuzizira, n'kukulowetsa m'nyumba, ndipo amagwira bwino m'nyumba yomatidwa kale ndiponso akaikidwa ndi munthu wodziwa kuyeza kukula koyenera. Kafukufuku wa 2023 wa bungwe la Massachusetts Clean Energy Center anapeza kuti pakufunika antchito ena okwana pafupifupi 30,000 pofika 2030. Mmisiri wa zamagetsi ku Massachusetts amalandira laisensi atagwira ntchito maola 8,000 pansi pa mmisiri wamkulu, zaka zosachepera zinayi, ndi kukhala m'kalasi maola 600. Kontilakitala amene sakudziwa ngati bajeti ya chaka chamawa idzakhalapo sangalembe wophunzira wa zaka zinayi, ndipo wachinyamata woganiza bwino sangaike moyo wake pa ntchito yotero.

Odandaula za mabilu ali ndi mfundo, ndipo n'kulakwa kuinyalanyaza. Kwa zaka zambiri mabanja ochita lendi ndi opeza zochepa ankalipira kagawo kaja mwezi ndi mwezi, pomwe ambiri opindula anali eninyumba a m'madera olemera, popeza mwininyumba wochititsa lendi saona chifukwa chokonzera nyumba yomwe bilu yake amalipira ndi wina. Koma mankhwala a kukondera kumeneku ndi kutumiza amisiri ambiri ku Lawrence, ku Fall River ndi ku Springfield, monga mabungwe othandiza osauka a mtundu wa Action for Boston Community Development amachitira kale, komanso kusamutsa gawo la mtolowu kuchoka pa bilu kupita ku thumba la misonkho. Kudula bajeti kumatsitsa bilu pang'ono lero, koma nyumba yolowa mphepo imakhalabe yolowa mphepo, ndipo banja lokhalamo limapitiriza kulipira gasi wotayika chaka chilichonse.

Makina opanga magetsi ndi mphepo a Vineyard Wind, omwe zipangizo zake zinkanyamukira padoko la New Bedford, ndi ofunika, ndipo omanga ake anatetezedwa ndi mgwirizano womwe unasainidwa ndi mabungwe a antchito mu 2021. Palibe chifukwa chomveka chimene munthu wokwawa kudenga la nyumba ya ku Dorchester angamanidwire chitetezo chofanana nacho, popeza nayenso akulipidwa ndi ndalama za anthu.

Lamulo la 2021 linapatula madola 12 miliyoni pachaka oti aziphunzitsira anthu ntchitozi, makamaka ochokera m'magulu omwe ankasalidwa, ndipo ichi n'chiyambi chabwino. Komabe maphunziro a masabata ochepa omwe amathera pa ntchito ya malipiro otsika amangodzaza malo a amene achoka dzulo. Aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawochi ayenera kulamula kuti kontilakitala aliyense wolandira ndalama za Mass Save azilipira malipiro osatsika pa mlingo woikika, ndipo mitengo ya pulogalamu ikwezedwe kuti zimenezi zitheke. Zaka zimene munthu wagwira akumata ndi kuyeza nyumba zizimuwerengedwera akafuna kulowa maphunziro a laisensi ya makina otenthetsera kapena ya zamagetsi. Lipoti lapachaka nalo lisamangotchula kuchuluka kwa antchito, lizinena poyera malipiro awo ndi kuchuluka kwa amene akadali pantchito patatha zaka zitatu, ndipo pulani ya 2028 mpaka 2030 isavomerezedwe popanda ziwerengero zimenezi.