Boma lisasiye mwana yekha pamsika

Mu Epulo 2024, bungwe la ku Switzerland lotchedwa Public Eye linatulutsa lipoti limene likanayenera kutisowetsa tulo. Linayeza phala la makanda la Cerelac, la kampani ya Nestlé, logulitsidwa m'mayiko osiyanasiyana. La ku Germany ndi ku Britain linalibe shuga wowonjezera. La ku Senegal, ku South Africa ndi kumayiko ena osauka linali lothira shuga. Kampani yomweyo, dzina lomwelo, koma khanda la kuno akulizoloweza zotsekemera lisanamere ndi mano omwe. Atafunsidwa, a Nestlé anati iwo amatsata malamulo a dziko limene akugulitsamo.

Anzanga okonda kufuula kuti boma lichoke pamsika amve yankho limenelo. Kampani yanena yokha kuti imalekezera pamene lamulo lalekezera. Lamulo likagona, shuga amalowa m'phala.

Amati munthu ali ndi ufulu wodya chimene wafuna. Inde, munthu wamkulu. Nanga wa zaka zisanu? Lowani m'sitolo yayikulu m'tauni muone pamene amayika maswiti ndi timapaketi tonyezimira ta zokhwasula: pansi, pamsinkhu wa maso a mwana, pafupi ndi polipirira. Mwana akoka chitenje cha amake, ayamba kulira, anthu a pamzere akuyang'ana. Mayi uja, manyazi atamugwira, amasula ndalama ya matimati n'kugula. Ndiye mundiuze kuti pamenepo wasankha ndani? Anasankha kale ndi akatswiri amene amalipidwa kuti adziwe mtundu ndi kachidole kamene kamakopa diso la mwana.

Nkhaniyi si ya lero. M'zaka za m'ma 1970, makampani a mkaka wa m'zitini ankatumiza ogulitsa ovala ngati anamwino kukanyengerera amayi kuti asiye kuyamwitsa. Mayi wosauka ankasungunula mkakawo ndi madzi a pachitsime, n'kuchulukitsa madziwo kuti chitini chikhalitse. Ana anatsegula m'mimba, ambiri anapita kumanda. Msika sunachite manyazi n'kudzikonza wokha. Zinatengera anthu kunyanyala kugula katundu wa Nestlé kuyambira 1977, mpaka mu 1981 msonkhano waukulu wa WHO unakhazikitsa malamulo a kagulitsidwe ka mkakawu. Mayiko 118 anavomera. Lokana linali limodzi lokha, America.

Amene amaona ngati kuletsa malonda otere n'chikomyunizimu akafunse ku Chile, dziko limene linatchuka ndi msika waufulu kuyambira nthawi ya Pinochet. Mu 2016 dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito lamulo loti chakudya chochuluka shuga, mchere kapena mafuta chizikhala ndi chizindikiro chakuda kutsogolo kwa paketi, chooneka ngakhale uli patali. Chakudya chotere sichigulitsidwa pasukulu, ndipo sachitsatsa kwa ana osakwana zaka 14. Kambuku wojambulidwa wotchedwa Tony anachotsedwa pamabokosi a Kellogg's, mazira a chokoleti a Kinder okhala ndi kachidole mkati analetsedwa. Ofufuza anapeza mu 2020 kuti kugula zakumwa za shuga wambiri kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Palibe anamangidwa chifukwa chomwa chozizira. Masitolo sanatsekedwe. Makampani ena anangochepetsa shuga kuti athawe chizindikiro chija, kutanthauza kuti akanatha kutero kalekale.

Ndikudziwa chimene chimaopsa anthu kuno kwathu. Taona mizere ya pa ADMARC, taona mitengo yolengezedwa pawailesi imene mavenda saitsata. Boma likamachita lokha malonda limapunthwa, palibe akukana. Koma kugulitsa chimanga ndi ntchito ina, kuletsa wamalonda kunyenga mwana ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi palibe angaigwire kupatula boma. Kusiyira kampani kuti izidziyang'anira yokha n'kusungitsa fisi mbuzi. Suja masacheti a mowa ankafika mpaka m'matumba a ana asukulu? Anachoka m'maokala chifukwa boma linaletsa, monga Zambia inachitira ndi tujilijili mu 2012.

Ndipo pali funso limene a msika waufulu amalizemba. Mwana uja akadzakula n'kudwala matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, adzam'gulira mankhwala ndani? Phindu linapita kale kwa eni kampani. Iye adzakakhala pabenchi pachipatala cha boma, ndipo ndalama zake zidzachoka m'misonkho yanu ndi yanga. Wolipira ali ndi ufulu woyankhulapo. South Africa inaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018 pa chifukwa chomwechi.

Aphungu athu, tipatseni lamulo loletsa shuga wowonjezera m'phala la makanda, loletsa kutsatsa zotsekemera pasukulu, ndi lokakamiza chenjezo looneka bwino pa paketi, lolembedwa m'Chichewa kuti agogo kumudzi aziwerenga okha. A Malawi Bureau of Standards apatsidwe ndalama ndi mphamvu zoti aziyeza katundu wolowa pa Mwanza ndi pa Dedza asanafike m'sitolo.