Msonkho suwelenga mbale za nsima

Ku Nkwali, m'mbali mwa Luangwa pafupi ndi Mfuwe, tsiku la malipilo silibisika. Foni imayamba kulila m'mamawa. Amai njovu zawadyela chimanga, mng'ono afuna nsapato za kusukulu, mwana wa malemu akulu athu ali ndi malungo. Kaya timaphikila alendo oona nyama kuno kuchigwa, kaya tili mu ofesi ku Chipata kapena ku Lusaka, foni yake ndi imodzimodziyo.

Koma ndalama zisanafike m'manja, boma latengako kale. Pa malamulo a 2024, K5,100 yoyamba pamwezi ilibe msonkho. Kuchoka pamenepo mpaka K7,100 amadula 20 pelesenti, mpaka K9,200 amadula 30, yopitilila apo 37. Wolandila K8,000 ndiye kuti PAYE yamudyela K670, NAPSA K400, NHIMA nayo kake. Sitikana msonkho. Msewu wa ku Chipata umene timayendapo sunamele wokha ngati bowa.

Chimene chimatiwawa ndi ichi: K670 imeneyo ndi yofanana kwa mbeta yodya yokha ndi kwa mlongo wathu amene m'nyumba mwake mumatuluka mbale zisanu ndi zitatu. Lamulo lili ndi mpumulo kwa anthu olumala, ndipo ndi bwino. Koma la ana, la makolo okalamba, la ana amasiye, palibe pamene limafunsa. Chilala cha 2024 chitapseleza minda, Pulezidenti Hakainde Hichilema nalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, matumba a unga amene tinatumiza kumudzi anagulidwa ndi ndalama yodulidwa kale.

Zimaseketsa tikakumbuka za azigogo. M'masiku a British South Africa Company, boma lili ku Fort Jameson, msonkho unali kuwelenga nyumba, ndipo wamitala anali kulipila zambili. Potenga, banja ankaliona bwinobwino. Manje pofuna kupepuza, maso achita khungu.

Amene tili ndi kantemba kapena kabizinesi kapambali tili ndi mutu wina. TPIN tinatenga, ndipo turnover tax imafuna lipoti mwezi uliwonse pofika pa 14, ngakhale m'dzinja pamene makampu ambili atseka ndipo sitinagulitse kanthu. Intaneti ikakana usiku wa pa 13, tulo timatha, pakuti kuchedwa kuli ndi chindapusa. Pa fomu yonseyo timalemba za malonda, osapeza mpata wolembapo amene amadya phindulo.

Ena adzati tikalola zimenezi aliyense adzalembetsa ana khumi a m'mudzi. Nkhawa yake ndi yomveka, timadziwana. Koma NHIMA imalembetsa kale mkazi kapena mwamuna wa membala pamodzi ndi ana amene amawasamala, maina ali m'kompyuta. Chingalepheletse n'chiyani kuti maina omwewo achepetseko msonkho, ngakhale pa ana awili kapena atatu chabe? Enanso adzati sukulu ndi yaulele kuyambila 2022. Zoona, tinapumako. Yunifomu, makope ndi nsima ya madzulo zikali pa ife.

Chaka chilichonse bajeti isanawelengedwe, Unduna wa Zachuma umapempha maganizo kwa anthu. Makampani a migodi ndi mabanki salephela kutumiza awo, olembedwa ndi akatswili. Athu amathela pa WhatsApp. Chaka chino tilembe kalata, tiikemo payslip imodzi ndi maina a onse amene imawadyetsa.