Kazembe amene tamuiwala pakhomo

Adzukulu anga, dziko likafuna kupalana ubwenzi ndi dziko lina limasankha kazembe, n'kumupatsa nyumba, galimoto ya mbendera ndi makalata a chidindo. Zimenezo sindikuzinyoza ayi. Koma maiko ochenjera satumiza kazembe yekha. Amatumizanso chilankhulo chawo ndi mabuku awo, podziwa kuti kazembe nthawi yake ikatha amamanga katundu n'kubwerera kwawo, pomwe chilankhulo chikalowa m'kamwa mwa mwana chimakalamba naye.

Afalansa adazindikira zimenezi kalekale, nakhazikitsa Alliance Française mu 1883. Angerezi adatsatira ndi British Council mu 1934, Ajeremani ndi Goethe-Institut mu 1951. Dziko la China lidachedwa kudzuka koma lidathamanga: Confucius Institute yoyamba idatsegulidwa ku Seoul mu 2004, ndipo ife titangopalana nalo ubale kumapeto kwa 2007, sipadapite zaka zambiri ana athu adayamba kuphunzira Chitchaina kuno kwathu komwe. Musadane nazo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Phunzirani Chifalansa, Chipwitikizi, Chitchaina, chilichonse chimene mutu wanu ungasenze. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti mlendoyo akatsazika, ife tilibe chomuikira m'thumba. Kupatsa n'kuika, adatero akuluakulu. Nanga wongolandira waika chiyani?

Tiyeni tisuzumire kwa anansi athu a ku Tanzania. Mwalimu Julius Nyerere, ali ndi dziko lonse pamutu, adapeza mpata womasulira m'Chiswahili masewero awiri a William Shakespeare. La Julius Caesar lidatuluka mu 1963, la The Merchant of Venice mu 1969. Musaganize kuti mkuluyo ankasowa chochita madzulo. Masiku amenewo ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti zilankhulo za mu Africa n'zoitanirana malonda pamsika basi, zozama n'za Chingerezi. Iye adatsutsa bodzalo popanda phokoso, ndi cholembera. Mu 1967 boma lake lidakhazikitsa bungwe la BAKITA loti lizisamalira Chiswahili ndi kuchipangira mawu atsopano. Zipatso zake zidachedwa kupsa, moti mwini wake adamwalira mu 1999 asanazilawe zonse. Koma tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mu 2019 atsogoleri a SADC, ife tili momwemo, adavomereza ku Dar es Salaam kuti Chiswahili chikhale chilankhulo chachinayi chogwirira ntchito m'bungwelo. Mu 2021 UNESCO idapatula 7 July kukhala tsiku la Chiswahili padziko lonse, ndipo mu 2022 African Union nayo idachilandira. Lero Mtanzania akaimirira pamisonkhano imeneyi akhoza kulankhula monga amalankhulira kwawo, ena n'kuvala zomvera m'makutu kudikira womasulira. Ulemu wotere sugulidwa ndi ngongole ya kubanki.

Chowawa n'chakuti ifenso tidayamba bwino. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adalemba buku la Nthondo, lomwe lidapambana mphotho ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures n'kusindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira m'busa Thomas Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi, likutchedwa Man of Africa, ndipo anthu a ku Britain adawerenga za moyo wa pamudzi wa Chichewa monga adaufotokozera mwana wa pamudzipo, osati mzungu wodutsa pamachila. Nthawi imeneyo tidalibe mbendera, tidalibe kazembe ndi mmodzi yemwe, koma mawu athu adaoloka nyanja. Mu 1937 katswiri wa ku America, Mark Hanna Watkins, adatulutsa buku la malamulo a Chichewa, ndipo amene ankamuuza mawuwo ku Chicago adali wophunzira wina dzina lake Kamuzu Banda. Ndingowonjezapo ichi kuti museke: zombo ziwiri za Voyager zimene zidaponyedwa mlengalenga mu 1977 zidanyamula moni m'zilankhulo 55, ndipo Chinyanja chili pomwepo. Moni wathu adapitirira mapulaneti, koma buku lathu likukanika kufika pa Chipata!

Inde, pa Chipata pomwepa, ulendo wa kanthawi kochepa kuchoka pa Mchinji. Chilankhulo chathuchi sichidziwa malire. Ku Zambia chili pakati pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma limazigwiritsa ntchito m'sukulu ndi pawailesi, ndipo mu Lusaka ndicho chimamveka m'minibasi. Ku Mozambique chimalankhulidwa ku Angónia ndi madera ena a Tete, komanso ku Niassa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 adachiika pamndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka, chifukwa cha ana ndi adzukulu a abale athu amene adatsalira m'migodi ndi m'mafamu. Mwezi wa August uliwonse mafumu a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkulu naye UNESCO idamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi. Chibale ndi fupa, sichiola. Mafumu akuchidziwa, ovina akuchidziwa, amayi ogulitsa zitenje pamalire akuchidziwa. Otsalira ndife a mabuku ndi a m'maofesi.

Ndikufunseni: ndani mwa inu adamvapo nthano za Julius Chongo, amene ankagoneka anthu a ku Zambia mochedwa ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo? Nanga ana a ku Katete ndi ku Ulongwe wa ku Angónia, ndani adawapititsira mabuku a John Gwengwe, E.J. Chadza, Willie Zingani kapena Jolly Max Ntaba? Ena amanamizira kalembedwe, ati kumeneko amalemba c pomwe ife timalemba ch. Kodi kalemba kamodzi kangatsekereze anthu mamiliyoni? Amenewo ndi manyazi ndi ulesi chabe, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Pano ndichenjeze, chifukwa tidapsapo kale. Mu 1968, pamene Chinyanja chidatchedwa Chichewa n'kukwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi, ndipo bala limenelo lidatenga nthawi kuti lipole. Chilankhulo chokakamiza chimabala chidani, ndipo chidani si katundu wopita naye kwa eni. Komanso Chitumbuka chomwecho chimatilumikiza ndi Lundazi, Chiyao chimatilumikiza ndi Niassa mpaka kummwera kwa Tanzania, Chilomwe ndi Chisena n'zimene zimatipezera malo ogona ku Zambézia ndi ku Sofala. Wanzeru sataya zingwe zonsezi n'kutsala ndi chimodzi.

Tsono inu akuluakulu a ku unduna woona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena, pepani ndilankhule ngati nkhalamba yopanda mpando. Kazembe akamanyamuka kupita ku Lusaka, Maputo, Harare, Pretoria kapena London, m'katundu wake mukhale mabuku athu, ndipo ofesi yake ikhale ndi tsiku limene ana a Amalawi obadwira kunjako angabwere kudzaphunzira kulankhula ndi agogo awo. Mukakhala pansi ndi anzanu a ku Zambia ndi Mozambique kukambirana za njanji ya ku Nacala ndi magetsi, ikaniponso nkhani ya mabuku a sukulu ndi mphotho imodzi ya alembi a maiko atatuwa. Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ipatseni ndalama zooneka, isamangokumbukiridwa polankhula pamisonkhano.

Ndipo inu adzukulu anga amene mwaphunzira zilankhulo za eni, musathere pa kumasulira makalata a mabwana ndi mitengo ya katundu. Sankhani buku limodzi labwino la kumeneko mulibweretse m'Chichewa, musankhenso limodzi la kuno mulipititse kumeneko. Yambani chaka chino, akadalipo okalamba oti n'kuwafunsa pamene mawu akuvutani.