Wapolisi asagulitse mowa

Tiyeni tikambe za wapolisi amene ali ndi baraka ya mowa. Masana avala yunifomu. Usiku awerenga ndalama za kacasu. Ife tikuti zimenezi n'zoipa, ndipo zithe.

Nchito ya wapolisi ndi kuteteza anthu. Lamulo la Moçambique likaniza kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Woyenera kugwira munthu wophwanya lamuloli ndi wapolisi. Nanga baraka ikakhala yace, adzadzigwira yekha? Mwana wa sukulu akabwera ndi ndalama, adzam'bweza? Anthu akamenyana pa baraka yace, mlandu udzafika ku boma?

Taganiziraninso mai amene aphika mowa pafupi ndi baraka ya wapolisi. Wapolisi akam'landa mbiya zace, tidzadziwa bwanji ngati asunga lamulo kapena acotsa mnzace wa malonda? Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Koma pano wovumbwa si wapolisi. Ovumbwa ndife ndi ana athu.

Ena akuti malipiro a wapolisi ndi ocepa. Dandaulo limeneli tilimva, ndipo boma lilimve. Koma njala ya wapolisi isathe ndi mowa umene iye mwini ayenera kuyang'anira. Alime munda, awete nkhuku. Nkhuku sizim'tseka pakamwa.

Ena akuti baraka ndi ya mkazi wace. Tisanamizane. Ndalama zilowa m'nyumba imodzi.

Nkhaniyi si ya kwathu kokha. Ku New York, ku America, lamulo la mowa la caka ca 1934 likaniza wapolisi kukhala ndi gawo m'malonda a mowa, poyera kapena mobisa. Kuno kwathu, pa 5 Novembala 1981, Prezidenti Samora Machel anadzudzula poyera apolisi ndi asilikali ozunza anthu. Mu 2012 dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Probidade Pública, loletsa wanchito wa boma kusakaniza udindo ndi phindu lace.

Tsono ife ticite ciani? Tisang'ung'udze m'nyumba cabe. Tinene pa msonkhano wa mudzi, pamaso pa mfumu ndi mkulu wa apolisi. Tsopano tidziwa kulemba. Tilembe kalata ku boma, tisaine tonse.

Wofuna kugulitsa mowa ayambe wavula yunifomu.